Kodi kapepala ka liquid crystal kangaonetsedi khansa ya m'bere?

Tiyamike_Sci

Moni nonse. Ndikupempha a zachipatala ndi a sayansi andithandize maganizo. Achemwali anga aakulu, a zaka 46, apeza kachotupa kolimba kumtunda kwa bere lakumanzere, chakufupi ndi kukhwapa. Sikapweteka. Dokotala atakagwira anawauza kuti akajambulitse mammogram ndi ultrasound, ndipo mwina padzafunika kutengako kanyama ndi singano kuti kakayezedwe. Apa ndiye pavuta. Singanoyo akuiopa, ndipo wina wawauza kuti chotupa chikabayidwa khansa imafalikira thupi lonse. Tsopano apeza pa intaneti kachipangizo kokhala ndi kapepala kakuda kamene amakakanikiza pabere, kamasintha mitundu, foni n'kujambula. Akuti muli ma liquid crystal. Akufuna agule kameneko kuti "aone kaye" asanabwererenso kwa dokotala.

Ineyo ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndiye ma liquid crystal amene ndimawadziwa ndi a pa sikirini ya kalikuleta ndi a m'timapepala toyezera kutentha pachipumi pa mwana. Sindikumvetsa kuti chinthu choterechi chingazindikire bwanji khansa imene ili mkati mwa thupi. Pali sayansi yeniyeni apa kapena ndi malonda chabe? Nanga achemwali ndiwauze chiyani?

Mbewe_Xray

Aphunzitsi, ndiyambe ndi zachangu, zasayansi zibwere pambuyo. Achemwali abwerere kwa dokotala sabata yomwe ino. Kachotupa kolimba, kosapweteka, mwa mayi wa zaka 46, kamayezedwa m'njira zitatu zimene dokotala wawauzazo: kukagwira ndi manja, kukajambula, ndi kutengako kanyama. Zotupa zambiri za m'bere si khansa. Zina ndi timatumba tamadzi, zina ndi timibulu ta minofu totchedwa fibroadenoma. Koma palibe amene angalumbire asanaone maselo ake pa maikulosikopu. Zoti singano imafalitsa khansa ndimazimva kawirikawiri kuntchito, ndipo zachedwetsa amayi ambiri. Biopsy ya singano, kutengako kanyama kuja, imachitika padziko lonse tsiku ndi tsiku. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi miyezi yodikira.

Ntchito yanga ndi yojambula odwala, X-ray ndi mammogram, ndiye kapepala mukunenako ndimakadziwa. Sayansi ilipo ndithu, sanachite kupeka. Koma kamayeza kutentha kwa khungu, basi.

Maganizo ake anayamba mu 1956, pamene dokotala wa opaleshoni wa ku Montreal, Ray Lawson, anapeza kuti khungu la pamwamba pa khansa ya m'bere limakhala lofundirapo kuposa malo omwewo pa bere linalo, ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chifukwa chake n'chomveka. Chotupa chikamakula chimafuna chakudya ndi mpweya, ndiye chimatulutsa timadzi tokopa mitsempha yatsopano ya magazi kuti imere molowera kwa icho. Judah Folkman wa ku Boston ndiye analimbikira mfundo imeneyi mu 1971, kuti chotupa sichingapitirire mamilimita awiri kapena atatu chopanda mitsempha yakeyake. Magazi akachuluka pamalo, maselo n'kumadyanso shuga mwadyera, kutentha kumakwera. Funso linali lakuti kutenthako tikuone bwanji. Ena anatenga makamera a infrared, ojambula kutentha, amene nthawi imeneyo anali odula ndi olemera. James Fergason, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Westinghouse, anali mmodzi wa oyambitsa njira yotchipa: kudetsa khungu ndi utoto wakuda, kupakapo ma liquid crystal, n'kuona mapu a kutentha ndi maso. Nkhani yake ya ma liquid crystal inatuluka m'magazini ya Scientific American mu 1964. Kenako anthu anayamba kuwatsekera m'timapepala tapulasitiki kuti asamachite kupaka wodwala.

Chiyembekezo chinali chachikulu, chifukwa njirayi ilibe ma radiation, sipweteka, ndipo sifuna makina aakulu. Ndiye inayesedwa mokwanira. Mu 1973 ku America, American Cancer Society ndi National Cancer Institute anayambitsa ntchito yoyeza amayi oposa 280,000. Poyamba mayi ankagwiridwa ndi dokotala, kujambulidwa mammogram, komanso kujambulidwa kutentha. Kujambula kutenthako kunawagwiritsa fuwa lamoto. Mwa amayi amene anapezekadi ndi khansa, sikunagwire ndi theka lomwe, pamene mammogram inkagwira pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Kunkalozanso amayi ambirimbiri abwinobwino, n'kuwaika mtima m'mwamba pachabe. Pofika 1977 anakuchotsa pa ntchitoyo. Kumeneko ankadalira kwambiri makamera a infrared, koma kamera ndi kapepala zonse zimawerenga khungu lomwelo, ndipo pamene kamera imalepherera ndi pomwenso kapepala kamalepherera.

Kulepherako ndimakumvetsa ndikayang'ana zithunzi zimene ndimajambula. Bere lili ndi mafuta ambiri, ndipo mafuta sadutsitsa kutentha bwino. Chotupa chaching'ono chimene chili mkati masentimita atatu kapena anayi, kutentha kwake kumamwazika kusanafike pakhungu. Khansa yoyambirira kwenikweni, imene timasangalala tikaigwira, nthawi zambiri imaoneka pa mammogram monga timadontho ta kashiamu m'njira za mkaka, tosakwana ndi milimita imodzi. Toteroto sitifunditsa khungu. Kumbali inayi, zofunditsa bere n'zambiri: bere lotupa la mayi woyamwitsa, chithupsa, masiku oyandikira kusamba, mimba, mtsempha waukulu umene munthu anangobadwa nawo pafupi ndi khungu, ngakhale lamba wa kamisolo yothina. N'chifukwa chake ochita zimenezi amafuna chipinda chozizirirapo, munthu akhale osavala kumtunda mphindi 10 kapena 15 kuti khungu likhazikike, asanasambe madzi otentha, asanathamange. Kunyumba, munthu ali ndi mantha, ndani angatsate zonsezo?

Tsopano taganizirani za achemwali. Kapepala kakaonetsa malo otentha, adzapita kwa dokotala yemweyo kukabayidwa singano yomweyo, atataya ndalama ndi masabata. Kakapanda kuonetsa kanthu, adzaika mtima pansi n'kusiya kupita, chotupa chili chikhalire. Chachiwirichi n'chimene chimandiopsa.

Chikondi_Chem

A Mbewe amaliza za achemwali. Ine ndingowonjezera za kapepalako, poti aphunzitsi afunsa mmene kamagwirira ntchito. Ndine wophunzira wa chemistry ndipo ma liquid crystal ndimawakonda mopitirira muyeso, mundikhululukire ndikatalikitsa.

Amene anawatulukira sanali dokotala, anali katswiri wa zomera, Friedrich Reinitzer, ku Prague mu 1888. Ankatenthetsa mankhwala otchedwa cholesteryl benzoate n'kuona zodabwitsa: pa madigiri 145.5 inkasungunuka kukhala madzi amatuwa, kenako pa 178.5 n'kuyera mbee. Anatumiza kwa Otto Lehmann wa ku Germany, amene anaona pa maikulosikopu kuti madzi amatuwawo amayenda monga madzi koma amapinda kuwala monga mwala wa crystal. Mamolekyu ake ndi ataliatali ndipo amakonda kuloza mbali imodzi. Mu mtundu wa cholesteric, umene uli m'kapepalako, mzere uliwonse umapendekeka pang'ono poyerekeza ndi wapansi pake, ndiye onse pamodzi amazungulira ngati chingwe chopota. Kutalika kwa mpoto umodzi kukafanana ndi kutalika kwa funde la kuwala, mtundu umenewo ndi umene umabwezedwa m'maso mwathu, ina yonse n'kudutsa kukamezedwa ndi utoto wakuda wakumbuyo. Kutentha kukakwera mpoto umathina, ndiye mtundu umachoka kofiira, kudzera kobiriwira, kukafika ku buluu. Inde, malo otentha amaoneka a buluu, zimene zimasokoneza anthu ambiri. Kupitirira pamenepo kapena kutsika kwambiri, kapepala kamangoda bii. Opanga amasakaniza mankhwala kuti mitundu yonse ikwane m'madigiri ochepa, n'chifukwa chake zipangizo za mawere zimabwera ndi timapepala tingapo, kuti munthu asankhe kogwirizana ndi khungu lake. Kusiyana kwa gawo laling'ono la digiri kamakuonetsa bwinobwino. Kapepala sikanama za kutentha. Kungoti kutentha ndi mboni yosadalirika pa mlandu wa khansa.

Chosangalatsa n'chakuti Fergason yemweyo atasamukira ku Liquid Crystal Institute ya ku Kent State University, kumene zoyeza mawere zinali mbali ya ntchito yake, anakafika pa njira ya twisted nematic, imene Martin Schadt ndi Wolfgang Helfrich anaipezanso paokha ku Switzerland mu 1970. Njira imeneyo ndiyo ili pa kalikuleta yanu, aphunzitsi.

Pali njira inanso imene ilibe chochita ndi kutentha, ndipo ine ndimaiona kuti ili ndi tsogolo kuposa kapepala. Amatenga liquid crystal yotchedwa 5CB, imene George Gray ndi anzake anapanga ku University of Hull kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, yomwe imakhala m'khalidwe limeneli pa kutentha kwa m'chipinda mpaka madigiri 35. Amaiyala pagalasi lokonzedwa mwakuti mamolekyu onse aime chilili. Ukaika galasilo pakati pa zosefera kuwala ziwiri zopingasana, palibe kuwala kumene kumadutsa, pamakhala mdima. Ndiye pagalasipo amamatapo ma antibody ogwira puloteni imodzi yokha. Puloteniyo ikagwidwa imagwedeza mamolekyu oyandikana nayo, iwonso n'kugwedeza anzawo mpaka kutali, ndipo pamalo pamene panali mdima pamawala. Kanthu kosaoneka ndi maso kasanduka kuwala kooneka, popanda utoto wapadera kapena makina odula. Gulu la Nicholas Abbott ku University of California, Davis linasonyeza zimenezi m'magazini ya Science mu 1998, ndipo kuchokera pamenepo ambiri ayesa ndi mapuloteni okhudzana ndi khansa monga CEA, AFP ndi PSA. Koma izi zidakali m'malabotale ofufuza. Magazi enieni ali ndi mafuta ndi mapuloteni ambirimbiri amene nawonso amagwedeza mamolekyuwo. Komanso mapuloteni amenewa paokha sagamula: CEA imakwera mwa osuta fodya, PSA imakwera mwa abambo amene prostate yangokula ndi ukalamba.

MayiWaAwiri

Koma a Mbewe mukukanyoza kwambiri. Ine mammogram inandipweteka, ndipo pamapeto pake anandiuza kuti mawere anga ndi othithikana mkati moti chithunzi sichioneka bwino. Ndiye mammogram nayonso imaphonya. Za 1977 ndi zakale, lero kuli makompyuta owerenga zithunzi. Ku Poland kampani ya Braster inapanga kachipangizo ka liquid crystal kogwiritsa ntchito ndi foni. Ngati zinali zopanda ntchito, bwanji anthu ophunzira akupitirizabe kufufuza?

Mbewe_Xray

Amayi, za kupweteka sindingatsutse. Ndine ndimapanikiza bere pamakinapo, nkhope za anthu ndimaziona. Timapanikiza kuti minofu iyalike, chithunzi chioneke, ma radiation achepe, ndipo zimatenga masekondi ochepa. Mwanenanso zoona kuti bere lothithikana limabisa zinthu, chifukwa minofu yake imaoneka yoyera ndipo chotupa chimaonekanso choyera. Amayi otero timawaonjezera ultrasound, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu, monga obadwa ndi vuto m'majini a BRCA1 kapena BRCA2, amajambulidwa MRI. Njira zimenezi zimaonetsa chotupacho pamene chili, kukula kwake, m'mphepete mwake, ndi polowetsa singano.

Kufufuza kupitirire ndithu, ndipo ndingakondwe atapeza poti kangathandize, makamaka kumene kulibe makina. Kompyuta ikhoza kuwerenga mapu a kutentha bwino kuposa diso la munthu. Koma singawerenge kutentha kumene sikunafike pakhungu. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaloleza kujambula kutentha mu 1982 monga chothandizira chabe pambali pa njira zina, ndipo mu 2011 ndi 2019 linachenjeza poyera kuti munthu asakutenge m'malo mwa mammogram. Komanso tisasokoneze zinthu ziwiri. Inuyo munkayezetsa mulibe chizindikiro chilichonse. Achemwali a aphunzitsi chotupa chapezeka kale ndi zala. Ngakhale kapepala kakanakhala kolondola motani, ntchito yofufuza ngati muli kanthu yatha. Chatsala ndi kudziwa kuti kanthuko n'chiyani. Ngakhale mammogram yanga itatuluka yoyera, dokotala wabwino sangasiye chotupa cholimba chosayezedwa.

Jere_Lab

Ine ndili mbali imene kanyamako kamafikira, ku labotale yoyeza minofu. Ndiwonjezere njira yachitatu imene ma liquid crystal alowera pa nkhani ya khansa, chifukwa iyi ndiyo imakhudza minofu yeniyeniyo.

Pakati pa maselo pali ulusi wa collagen, ndipo ulusi umenewu umapinda kuwala kosefedwa. Ife tinazolowera kale kuika zosefera ziwiri pa maikulosikopu, kuzunguza chimodzi ndi dzanja, n'kuona collagen wopakidwa utoto wa picrosirius red akuwala mumdima. Vuto la dzanja n'lakuti ulusi woloza mbali zina umazimirira, umadalira mmene wagonekera galasi. M'zaka za m'ma 1990, Rudolf Oldenbourg wa ku Marine Biological Laboratory ku Woods Hole anapanga LC-PolScope, imene m'malo mozunguza chosefera imagwiritsa ntchito timagalasi ta liquid crystal tolamulidwa ndi magetsi. Magetsi akasintha, kuwala kumasefedwa mwa mtundu wina, kamera imajambula zithunzi zingapo mofulumira, ndipo kompyuta imawerengera kumene ulusi ukuloza pa kadontho kalikonse ka chithunzi. Apa liquid crystal sikhudza wodwala n'komwe, imakhala mkati mwa makina.

Nanga collagen akukhudzana bwanji ndi khansa? Mu bere labwino ulusi umakhala wopindikapindika. Gulu la Patricia Keely ku Wisconsin linasonyeza mu 2006 kuti pozungulira khansa ulusi umawongoka n'kuthina, ndipo pamene khansa ikulowerera minofu ina umaima mopingasa m'mphepete mwa chotupa, maselo a khansa n'kumatsata ulusiwo potuluka. Ndiye kuyeza kumene ulusi ukuloza kungathandize kudziwa ukali wa chotupa.

Amene akudikira kwambiri zoterezi ndi madokotala a opaleshoni. Akachotsa chotupa n'kusiya bere, amafuna kudziwa ngati m'mphepete mwa chimene adulacho mulibe khansa. Yankho lathu lodalirika limatenga masiku, wodwala atasokedwa kale. Kafukufuku wa ku England wa 2012 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse ochitidwa opaleshoni yotereyi ankabwereranso pampeni. Kamera yoti n'kuloza malire a chotupa nthawi yomweyo ingachepetse zimenezo, ndipo ambiri akuyesa ndi kuwala kosefedwa komanso zosefera za liquid crystal zosankha mtundu umodziumodzi wa kuwala. Pakadali pano chigamulo chimachokerabe pagalasi lopakidwa utoto ndi diso la dokotala woyeza minofu.

Tiyamike_Sci

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera achemwali zimene a Mbewe alemba, makamaka zoti kapepala kaonetse kasaonetse adzapitabe kwa dokotala yemweyo. Angoti phee, kenako afunsa kuti singanoyo ndi yaikulu bwanji ndipo adzagonekedwa masiku angati. A Jere, mungatifotokozere zimene zimachitika kwenikweni? Ndikuona kuti chikuwaopsa kwambiri ndi kusadziwa.

Jere_Lab

Sagonekedwa, aphunzitsi. Amabwera woyenda n'kubwerera woyenda tsiku lomwelo. Amagona chagada, dokotala amapukuta khungu, n'kubaya mankhwala ochititsa dzanzi ndi kasingano kakang'ono. Pamenepo m'pamene pamaluma, masekondi ochepa. Pakachita dzanzi amaboola pang'ono pakhungu n'kulowetsa singano ya biopsy, yonenepa pafupifupi mamilimita awiri, akuiyang'ana pa sikirini ya ultrasound mpaka ifike pachotupa. Muwachenjezeretu kuti kachipangizoko kamalira kuti "thwa" pamene kakudula, chifukwa ambiri amadzidzimuka ndi phokosolo kuposa ululu. Amatenga tinyama tingapo toonda, n'kupanikiza pabalapo, n'kumata pulasitala. Nthawi zambiri sasoka. Zonse zimatha mkati mwa theka la ola. Pamakhala kuda kwa magazi pansi pa khungu ndi kuwawa pang'ono kwa masiku angapo. Ngati amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin, auze dokotala pasadakhale, asasiye okha.

Tinyamato timafika kwa ife tili mu formalin, mankhwala osungira minofu kuti isaole. Timatiumitsa, kutiika mu phula la paraffin, kutidula timagawo topyapyala kwambiri, ta ma micron atatu mpaka asanu, n'kupaka utoto wa haematoxylin ndi eosin. Dokotala akaona kuti si khansa, nkhani yathera pomwepo kapena amangopangana za kuchotsa chotupacho ngati chikuvutitsa. Ikakhala khansa, timayezanso pa tinyama tomweto mapuloteni a m'maselo a khansa otchedwa ER, PR ndi HER2, ndipo zimenezi n'zimene zimauza madokotala ngati mapiritsi monga tamoxifen angagwire ntchito, kapena pakufunika trastuzumab, kapena chemotherapy iyambe opaleshoni isanachitike. Asananyamuke afunse kuti zotsatira zidzatuluka liti ndipo adzazilandira kwa ndani, alembe tsikulo, ndipo likadutsa osamva kanthu aimbe foni. Tsiku lokamva zotsatira mupite nawo, mutenge kope ndi cholembera, chifukwa munthu akamva zotsatira zake zambiri zimene dokotala amanena pambuyo pake sazigwira.